Munda wa ku Chiuta pa Tsamba Limodzi

LOLEMBA

M'mawa. Atsibweni afika pa njinga kuchokera ku Chiuta, fumbi mpaka m'zikope. Pepani, si atsibweninso. Anathawira ku Malawi nthawi ya nkhondo ali atsibweni, abwerako ali "ankolo". Ndikawaitana mwachikale amacheuka ngati ndikunena munthu wina ali kumbuyo kwawo. M'buku langa lino akhalabe atsibweni, alibe chochita.

Atulutsa kaderno, buku lolembamo, wokutidwa m'jumbo la shuga. Nkhani ndi munda wa amayi, mlongo wawo. Banja lonse litathawa, Che Amadu, msodzi wa kugombe amene sanathawe, anayamba kuulima. Mtendere wabwera, anthu abwerera, Che Amadu akulimabe. Chaka chatha amayi anapempha kamunda ka mchenga kwa anthu, chimanga chake sichinafike ndi mwezi wozizira womwe. Mvula ili pafupi. Nkhani ikapanda kutha tsopano, amayi adzalanso pa mchenga.

Ndiye atsibweni alemba dandaulo lopita ku ofesi yoona za malo. Masamba makumi awiri ndi atatu! A sekretariyu a pa ofesipo akuti analiyeza m'manja ngati mlamba wa pa msika, nkuwabwezera. Akufuna rezumu: chidule, tsamba limodzi, m'Chipwitikizi, Lachisanu m'mawa. Loweruka adzapita okha kukaona mundawo.

Atsibweni: "Iwe unaphunzira mpaka sukulu inatha. Tadula."

Lero ndi lero! Zaka zinayi ku univesidadi ku Maputo, kudya nyemba zofumbwa, kuwerenga mpaka maso kuchita chidima, ndipo banja langozindikira lero kuti ndili ndi ntchito. Mpaka dzulo ndinali "uja wa mabuku wosakwatiwa uja".

Komanso rezumu ndi munda wanga. Ndimaphunzitsa zomwezi pa sikola pano pa Insaca. Ana anga amaloweza malamulo atatu:
1. Peza mfundo yaikulu.
2. Usabise chimene wolemba wanena, usaonjezere chimene sananene.
3. Zotsalazo taya, osalira.

Ndondomeko ya sabata:
- Lolemba: kuwerenga zonse.
- Lachiwiri: eskema, kutanthauza mafupa a nkhani popanda mnofu.
- Lachitatu: rezumu.
- Lachinayi: kritika, kufufuza pamene nkhani yafooka.
- Lachisanu: kupereka, kulandira karimbu, chidindo cha boma, kuyamikiridwa.
- Loweruka: amayi alandira munda wawo.
- Lamulungu: kugona mpaka dzuwa litandipeza.

Masana. Tsamba 1: moni. Tsamba 2: moni akupitirira. Apereka moni kwa akuluakulu a ofesi, akazi awo, ana awo, ndi "onse amene mwawasiya kunyumba, ngakhale sindiwadziwa". Tsamba 3: atsibweni akubadwa. Kunali mvula. Tsamba 5: akadali mwana, alumidwa ndi mavu.

Munda ukutulukira koyamba pa tsamba 7, mochedwa ngati mkwatibwi.

Madzulo. Atsibweni akuti sabwerera ku Chiuta mpaka ntchito ithe. Ayala mphasa pakhonde, pansi pa zenera lenileni limene ndimalembera. Akuti sandisokoneza. Akutsokomola pa tsamba lililonse limene ndatembenuza msanga.

LACHIWIRI

Eskema yatha. Mafupa a dandaulo la atsibweni ndi awa:
1. Moni: masamba awiri ndi theka.
2. Mbiri ya wolemba, mavu omwe: masamba anayi.
3. Munda ndi amene anaulimapo: atatu.
4. Nkhondo ndi kuthawa: asanu ndi limodzi. Mwa amenewa, anayi ndi a mbuzi imene anathawa nayo.
5. Moyo wa ku kampu, makamaka ufa wachikasu: anayi.
6. Makhalidwe a Che Amadu: atatu. Akuti milu yawo ya matemba imakhala ndi mphako pakati.
7. Pempho: mizere iwiri.

Mizere iwiriyo ikuti: "Ndatopa kulemba. Zotsalazo mukudziwa ndinu akuluakulu."

Masamba makumi awiri ndi atatu, munthu osanena chimene akufuna! Nyama iyi ili ndi mchira wautali, ubweya wambiri, mutu ilibe.

Ndawafunsa pa zenera kuti kwenikweni akupempha chiyani. Ati: "Chilungamo." Ndati munda wonse, kapena mtunda wokha, kapena ndi dimba lomwe la kumunsi? Ati: "Usandifunse ngati wapolisi." Ndalemba ndekha: munda wonse.

Masana. Ndachotsa moni yense, mavu, ufa wachikasu ndi milu ya matemba. Ndikumva kupepuka ngati munthu wotula mtolo. Ndawawerengera chiyambi chatsopano: "Ine wosayina pansipa ndikudandaula za munda."

Atsibweni afunsa ngati tsamba loyamba lagwa pansi.

Ndafotokoza kuti rezumu siperekera moni. Moni si mfundo.

"Ndiye ndilowe mu ofesi ya boma ngati nkhuku yolowa m'khitchini? Osaodira?"

Ndati pepala silowa, limaperekedwa. Ati pepalalo ndi iwowo, kungoti avala inki. Ati munthu wopempha osapereka moni ndi wakuba kapena wamisala, ndipo iwo sanavutike zaka zonse zija ku kampu kuti adzatchedwe wamisala kwawo. Ati ngati ku Maputo anthu amangoyamba ndi "ine", n'chifukwa chake nkhondo inatenga nthawi kutha.

Moni wabwerera. Ndamupanikiza mpaka mizere isanu ndi inayi. Akazi a akuluakulu atsalamo. Ana awo ndawachotsa mwakachetechete, Mulungu awadalitse komwe ali.

Tsamba limodzi lili ndi mizere makumi atatu. Yatsala makumi awiri ndi umodzi. Ndikadali bwino. Ndine munthu wophunzira.

LACHITATU

Amayi afika ndi amayi aang'ono, a Sabina, chinangwa pamutu. Akuti abwera "kudzaona m'mene zikuyendera". Pakhonde panga pakhala ngati pa siteshoni.

Rezumu ndailemba kaye m'Chinyanja kuti onse amve ndisanaiike m'Chipwitikizi. Ndaima pakhomo, ndawerenga mokweza ngati m'kalasi. Moni wadutsa bwino, atsibweni akugwedeza mutu. Ndafika pa munda: "Mundawu anaswa mphanje ndi agogo a Nabanda, ndipo kuchokera apo unalimidwa ndi ana awo ndi ena otero."

A Sabina asiya kusenda chinangwa.

Amayi: "Ena otero ndi ndani?"

Ndati ndi mawu a m'mabuku, ongosonyeza kuti alipo ambiri.

Amayi: "Amayi anga ondibereka ine, amene anakuyamwitsa phala ndi chala iweyo uli kofiira, lero ndi ena otero?"

A Sabina ayamba kulira. Osati kulira kwa phokoso, koma kuja kopukuta ndi nsonga ya chitenje, kumene kumapha munthu msanga. Akuti akuluwo anagona m'manda opanda mtanda, ena m'tchire nthawi yothawa, ndipo tsopano mdzukulu wawo wawakwiriranso kachiwiri ndi mawu awiri.

Ndayesa kufotokoza lamulo lachitatu, loti zotsalazo taya. Ndaona nkhope zawo. Ndameza lamulo lachitatu.

Maina alowa. Khumi ndi limodzi. Koma dzina silingalowe lamaliseche, limafuna chovala:
- a Nabanda, amene anaswa mphanje ali ndi pakati;
- a Naphiri, amene anathamangitsa mvuu ndi chikuni chamoto;
- a Nankhoma, amene sankadya therere (ndafunsa kuti zikukhudzana bwanji ndi munda; ati onse ankawadziwa ndi zimenezo);
- ndi ena asanu ndi atatu amene ngakhale m'buku langa lino ndikuopa kuwatchula mwachidule.

Ndanena kuti ndime iyi yatalika, tiidule. Amayi: "Ndime timalima, sitidula."

Masana. Rezumu yafika masamba atatu. A Sabina akumbuka kuti mlamu wawo wina analimako chaka chimodzi cha dzombe. Masamba atatu ndi theka.

Ndayesa kulemba zilembo zazing'ono. Zatuluka ngati nyerere zikusamuka. Ine mwini wake sindikuziwerenga. Ndayesa kulemba ndi m'mphepete momwe, mozungulira. Pepala likuoneka ngati chithumwa.

Madzulo. Ndaganizira za mphunzitsi wathu wa ku univesidadi amene ankati palibe nkhani imene singafupikitsidwe. Munthuyo analibe abale. Kapena anali nawo, koma osadziwa kumene amagwira ntchito.

Dandaulo lalitali: masamba 23. Chidule chake: 4, ndipo chikukula ngati dzungu. Pa liwiro ili, pofika Lachisanu dandaulo la atsibweni ndilo lidzakhale rezumu ya rezumu yanga.

LACHINAYI

Tsiku la kritika. Mafunso ake ndi atatu okha: Wanena ndani? Wadziwa bwanji? Umboni uli kuti?

Zimene ndapeza:
- Mboni zatchulidwa zinayi. Zitatu zinamwalira. Yachinayi inatsalira ku Malawi, ndipo inagontha.
- Malire a munda akuti ndi chulu. Ndafunsa amayi. Akuti pano zulu zilipo zitatu. Chiswe sichinathawe nkhondo, chinali pa ntchito.
- Kalata ya munda palibe. Sinakhaleponso.
- Tsamba 9 likuti mundawu sunabwerekedwepo kwa munthu chiyambire dziko.
- Tsamba 14!!!

Tsamba 14 ndalidutsa Lolemba osaliona bwino, chifukwa lili pakati pa mbuzi. Tsiku lothawa, atsibweni akukoka mbuzi yawo kupita kugombe, akumana ndi Che Amadu pa njira. Alemba okha, ndi dzanja lawo: "Ndinati, achimwene, limani mundawo, tchire lisaudye."

Limani! Anawapatsa okha! Akumba dzenje, agonekamo mlandu wawo, akwirira, aponderezapo ndi mwala. Che Amadu akangomva zimenezi zikuwerengedwa, avina.

Ndawaitana. Ndafotokoza modekha kuti ndachita kritika, ndipo tsamba 14 liyenera kuchoka lonse. Afunsa kuti kritika m'chilankhulo cha anthu ndi chiyani. Ndati kuunika.

"Kuunika timaunika ndi nyali. Ichi ukuchitachi ndi kunyoza."

Ndati sindikunyoza iwo, ndikuunika zolemba zawo. Ati zolembazo zinalemba zokha? Ndati mawu amenewo atiluzitsa munda. Ati mawuwo alibe nawo kanthu, koma tsambalo silichoka, chifukwa ndi pomwe mbuzi ikukana kukwera bwato. Akuti anthu a ku kampu ankawapempha nkhani imeneyi mobwerezabwereza. Akuti a boma nawonso ndi anthu, ayenera kumva.

Amaliza ndi mawu awa: "Chitani zimene mukudziwa, apulofesora. Ife ndi osaphunzira."

Inu! Andiyamba inu! Atsibweni akakutchula inu, dziwa kuti nyumba ikupsa. Akana chakudya cha masana. Akhala pakhonde la oyandikana nawo nyumba, msana kuloza kuno.

Masana. Ndaganiza. Mawa ndi Lachisanu. Pepala lidzakhala m'Chipwitikizi. Atsibweni anaphunzira ku mishoni zaka ziwiri, Chipwitikizi chawo chimathera pa "bom dia". Amayi ndi a Sabina sawerenga n'komwe.

Ndalemba tsamba limodzi. Loyera, lokongola, mizere makumi awiri ndi isanu ndi umodzi. Moni: mzere umodzi. Agogo: a Nabanda okha, otsalawo mawu awiri aja, koma m'Chipwitikizi samveka kuwawa. Mbuzi: palibe. "Limani": palibe.

Ndikudziwa. Lamulo lachiwiri, usabise chimene wolemba wanena. Mwana wa m'kalasi mwanga atachita izi ndingamupatse ziro ndi ulaliki pamwamba. Koma mwana wa m'kalasi mwanga amayi ake sadzala pa mchenga.

Madzulo. Onse atatu akhala pamphasa, akufuna ndiwawerengere m'Chinyanja zimene zili pa pepalalo. Ndagwira tsamba limodzi, chala chikuyenda pang'onopang'ono pa mizere, pakamwa pakutuluka zonse: akazi a akuluakulu, mavu, a Naphiri ndi mvuu yawo, therere, mbuzi ikukana bwato. Ndaimekezanso mbuziyo kawiri. Theka la ola!

A Sabina apukuta misozi, ya chimwemwe tsopano. Atsibweni atenga pepala, aliyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo.

"Chipwitikizi n'chopanikiza, eti? Ngati matemba m'thumba."

Adya mbale ziwiri. Abwerera pa iwe. Ndine katswiri. Ndine wabodza, koma katswiri.

LACHISANU

Tafika pa ofesi m'mawa, tonse anayi, atsibweni atavala jekete la ku kampu, dzuwa lonseli. Mzere wautali: obwerera okhaokha, aliyense ndi pepala lake ndi munda wake.

A sekretariyu ndi bambo waulemu, wa magalasi omangidwa ndi ulusi mbali imodzi. Atipatsa moni mmodzimmodzi. M'Chinyanja. Chinyanja chenicheni, cha kuno. Ndadziuza kuti palibe kanthu, angowerenga chamumtima.

Awerenga chamumtima. Kenako akweza mutu: "Bambo, si bwino munthu kusayina chinthu chimene sanamve. Ndikuwerengereni m'chilankhulo chathu."

Ndati tawerenga kale dzulo. Ati lamulo la ofesi ndi lomwelo. Atsibweni akhazikika bwino pa benchi, apinda mwendo, auza amayi kuti amvetsere pa bwato paja.

A sekretariyu ayamba. A sekretariyu amaliza. Munthu womwa madzi m'chikho akanawapeza atatseka kale pakamwa.

Atsibweni: "Pitirizani."

A sekretariyu: "Yatha, bambo."

Atsibweni: "Mbuzi ili kuti?"

Ndipo munthu wa Mulunguyu, chifukwa cha ulemu, watembenuza pepala kuyang'ana mbuzi kumbuyo kwake!

Pansi sipanang'ambike. Ndapempha, sipanang'ambike. Ndacheukira kwa amayi. Mawu awiri aja awamva bwinobwino, a sekretariyu anawamasulira mokhulupirika, ndipo angondiyang'ana ngati akuyesa kukumbuka kuti mwanayu anamutola kuti.

Pamwamba pa zonsezi, a sekretariyu ayamba kundiyamikira. Akuti rezumu yomveka chonchi sanailandirepo mwezi uno. Yaifupi, yolunjika, yopanda nkhani zosafunika. "Zosafunika" amenewo awanena kawiri. Chiyamiko chimene ndachidikira moyo wanga wonse chafika, ndipo ndikulakalaka chikanapita kwa wina.

Kumbuyo anthu a pa mzere akung'ung'udza. Atsibweni asayina ndi kaneta yanga yolembera, osandiyang'ana. Karimbu yagunda.

Tikutuluka, a sekretariyu awonjezera: "Komano umboni mulibemo, apulofesora. Pepalali likunena kuti munda ndi wanu, silikusonyeza. Tikaona mawa."

Tabwerera pa mzere umodzi ngati abakha, ine kumapeto.

Masana. Palibe wondikalipira. Bola akanakalipa. Amayi abwera ndi madzi osamba m'manja, agwada pansi, andithirira ngati mlendo wochokera ku boma. A Sabina: "Apulofesora adye kaye, ife ena otero tidya pambuyo."

Ndadya ndekha.

Madzulo. Ndatenga kope langa la rezumu, ndalichita kritika ngati la munthu wina. Wanena ndani? Mdzukulu amene nthawi yonseyo anali ku Maputo. Wadziwa bwanji? Anamva. Umboni? Zulu zitatu ndi gonthi mmodzi.

Ndi zoona. Ndakonza nyumba yokongola, yosesa bwino, m'kati mulibe kanthu.

LOWERUKA

Tanyamuka kukucha, pa njinga zakabaza. Matako anga aphunzira msewu wa ku Chiuta mwala ndi mwala.

Mundawu sindinauonepo chikhalire ndili kamtsikana. Kumtunda chinangwa, kumunsi dimba lobiriwira, dothi lakuda lonyowa. Amayi atola dothi, alifinya m'manja, alibweza pansi mwaulemu. Zulu zilipo zinayi.

Che Amadu afika wapansi. Ndimayembekezera chilombo cha masamba atatu chija. Ndi nkhalamba yaying'ono ya kofia yoyera, manja odulidwadulidwa ndi maukonde. Apereka moni kwa amayi, afunsa za ana onse powatchula maina, ine ndemwe.

A sekretariyu afika pa njinga yamoto. Tonse takhala pansi pa mtengo, ndi anthu a m'mudzi odzaonerera. Apatsa mwayi atsibweni.

Atsibweni akubwezera za dzulo. Moni yense, ana a akuluakulu omwe. Dzuwa lafika pakati, iwo angolumidwa kumene ndi mavu. A sekretariyu awadula mofatsa, afunsa za umboni. Atsibweni aloza chulu. A Sabina aloza chulu china. Amayi aloza chachitatu. Anthu aseka. Amayi sakuseka.

Onse andiyang'ana ine wophunzira. Ndikuyang'ana nyerere.

A sekretariyu atembenukira kwa Che Amadu kuti anenepo mbali yawo. Nkhalamba yavula kofia, yaivalanso.

"Anati limani. Ndalima. Sanati mpaka liti."

Basi! Ziganizo zitatu. Chiyambi, thunthu, mathero. Mfundo yaikulu ilimo, chobisika palibe, choonjezera palibe. Zaka zanga zonse za uphunzitsi sindinalandirepo rezumu yotere, ndipo yachokera kwa munthu amene sanakhalepo pa benchi la sikola. Koma chimene ndinakwirira Lachinayi chafukuka. Tapita.

A sekretariyu: "Anati limani ndani?"

Che Amadu aloza atsibweni ndi mlomo: "Awo. Ali ndi mbuzi."

A sekretariyu: "Nanga munthu angakuuzeni kuti limani pa munda wa eni?"

Che Amadu: "Iyayi. Munda ngwa alongo awowa, ndani sadziwa? Koma zitsa za m'dimbamo ndazula ndine. Ana anga akulira pano."

Apa m'pamene ndazindikira. Wouza mnzake kuti limani ndiye mwini. Umboni wokhawo m'masamba makumi awiri ndi atatu onse unali mawu amenewo, ndipo ine, wa univesidadi, ndinawawerenga chadodolido nkuwataya pamodzi ndi mavu.

Akambirana mpaka dzuwa kupendeka. Zatha motere: mtunda wonse ubwerera kwa amayi Che Amadu akangozula chinangwa chawo, mvula isanagwe. Dimba agawana pakati, chifukwa cha zitsa. Akhoma zikhomo, chiswe chachotsedwa pa ntchito ya malire. Si munda wonse umene ndinalemba pa pepala langa lokongola. Amayi ayenda mbali yawo kawiri, akuwerenga mapazi, akulankhula okha. Akuti mpunga uchepa, koma chimanga chikwana.

Atsibweni adutsa pafupi nane akukankha njinga. Sanaime. Angoti: "Tsamba 14."

LAMULUNGU

Ndagona kwa amayi ku Chiuta. Zogona mpaka dzuwa litandipeza zalephereka: amayi andidzutsa kuti ndikawathandize kukhomera mipini ya makasu tisanapite ku tchalitchi. Andiitana iwe. Andikalipira chifukwa chogwira mpini ngati choko. Sindinamvepo kukalipa kokoma chonchi.

Mapemphero atatha, anthu azungulira atsibweni panja. Akufotokoza za mlandu. Ayambira Lolemba, tayala litaphwa pa njira. Ola lathunthu. Magalasi a a sekretariyu alimo. Njinga yamoto ilimo, ndi kulira kwake komwe. Che Amadu asanduka "m'bale wanga wa kalekale, munthu woona". Mbuzi yakana bwato, anthu agwa ndi kuseka.

Ndaima kumbuyo, ndikudikira gawo langa. Masiku asanu ndi limodzi a thukuta: eskema, zilembo zanga za nyerere, theka la ola lowerenga zimene palibe, manyazi a pa ofesi. Ngakhale atandinyoza, bola ndimveke.

Mayi wina afunsa: "Nanga mwana wa mlongo wanu wophunzira uja sanathandizepo?"

Atsibweni aganiza pang'ono.

"Anatibwereka kaneta yosayinira."

Apitiriza za mbuzi.

Ndakhala pa chitsa, ndaunika chiganizocho mwa ntchito yanga. N'chachifupi. N'chomveka. Bodza mulibe. Ndafufuza ngati pali mfundo yaikulu imene yatsala, ndayang'ana uku ndi uku, sindinaipeze. Zimawawa, komatu, kudulidwa.

Ndawapatsa 16 pa 20. Zinayizo ndachotsa chifukwa kanetayo sanabweze.